Chidutswa cha Mayi Bigué

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, pansi pa zenera losatsekeka bwino, moti fumbi la mphepo ya kuchipululu likungolowa mmene likufunira. Shuga 3,4 pa muyeso wa kuno, wokwera kwambiri.

Dokotala Tine, mwana woti ndikanatha kumubereka kumbuyo, wayang'ana phazi langa lakumanja n'kufunsa kuti chilondachi chinayamba liti. Ndati sabata yatha. Mwana wanga Yacine wayankhira kumbuyo kwanga: "Akunama, adokotala. Mwezi wakwana. Anaponda phini m'chipinda chosokera n'kumangomangapo kansanza." Kubereka mwana wamkazi n'kudziberekera mboni.

Phazi limeneli ndi limene ndapondera makina zaka makumi atatu ndi zinayi. Kope ili ndi la miyeso ya nsalu. Masamba otsalawa ndizilembamo za shuga, ndi zina zikabwera.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Shuga 2,9. Insulini m'mawa ndi madzulo, diripi katatu. Atsuka chilonda, ndipo ndatukwana m'zinenero ziwiri.

Yacine wandibweretsera thumba langa losokera, ndipo nkhani yake ndiilembe lero ndikadali ndi mphamvu. Mwanayu ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu ndi theka. Ndi pachinayi. Atatu oyamba tinawaika m'manda: woyamba anabadwa atafa kale, awiriwo sanafike ngakhale tsiku lopatsidwa dzina. Mwezi watha apongozi ake, Adja Khoudia, anabwera kwathu n'kunena kuti ulendo uno tichite za kubanja kwawo. Khandalo lidzalandiridwe m'nsalu ya zidutswa zisanu ndi ziwiri. Chidutswa chilichonse chichokere pa chovala cha mayi amene sanaikepo mwana, chikhale chopempha ndi dzanja lotambasula, osati chogula, ndipo wosoka akhale mayi wa woyembekezerayo, ndi singano ya pamanja.

Ine Oulimata, amene nsalu zanga zimapachikidwa pamakoma ku Dakar anthu n'kumaima patsogolo pake atagwira chibwano, zinthu zoterezi ndakhala ndikuziseka kuyambira ndili mtsikana. Koma munthu amene waika ana atatu sumutsutsa. Ndinavomera. Zidutswa ndili nazo zisanu, zatsala ziwiri, ndipo masiku akutha.

Pochoka Yacine wati, "Amayi, musatume munthu kumsika. Ndimakudziwani inu, kupempha kumakuwawani kuposa phazilo."

Lachinayi, 6 Febuluwale

Shuga 2,6. Chakudya cha m'chipatala chilibe mchere, chilibe mafuta, chilibe mwini.

Pabedi loyandikana ndi langa pali mayi Bigué a ku Guet Ndar, dera la asodzi, owamba nsomba. Mtima wawo watopa, miyendo yatupa, amagona chokhala. Pakamwa pokha ndi pamene sipanadwale. Andiona ndikuyala zidutswa pabedi, ndikusuntha ichi, ndikutembenuza icho.

"Achemwali, mukusoka chiyani? Malaya a wamisala?"

Ndinachita manyazi kunena zoona. Wodi yonse inali itatchera khutu, ndipo ena amandidziwa. Ndinati ndi nsalu ya pakhoma, ya chionetsero cha ku Dakar.

"Ndiye chithunzi chake n'chiyani? Bwato? Nsomba?"

"Si chithunzi cha kanthu. Ndi mitundu basi, ndi mmene yakhalirana."

"Ee! Ndiye anthu amakwera galimoto kudzaona zigamba? Muwauze abwere kwathu, ndili ndi chitenje chowambira nsomba, zigamba zake makumi awiri. Chimanunkhiranso."

Wodi yonse inaseka, ngakhale mayi wa pakona amene sanalankhulepo chibwerereni. Nanenso ndinaseka, ngakhale ndinapsa mtima pang'ono. Masana anandigawira nsomba youma imene anawabweretsera, yobisa m'duku kuopa anamwino.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Shuga 2,7. Mafinya sakuchepa.

Chidutswa chachisanu ndi chimodzi ndachipeza. Namwino Absa, amene amanditsuka chilonda, ali ndi ana anayi, onse amoyo. Ndinamuuza zoona chapansipansi, katani atatseka, ndipo ndinatambasula dzanja monga mwa lamulo lake. Dzanja limalemera ukamalitambasulira munthu amene wangokuchotsa mafinya. Iye sanaseke. Wadula m'munsi mwa chitenje chake chimene amafunda pobwera kuntchito, n'kunena kuti, "Kupempha si kuba, amayi. Mulungu amusunge."

Koma vuto lake ndi ili. Zisanu ndi chimodzi zonsezi n'zowala: chachikasu, chofiira cha maluwa, chobiriwira chonyezimira, china cha mawanga ngati nkhanga. Amayi a ana ambiri amavala zaphokoso. Ndikaziyala pamodzi zonse zikukuwa nthawi imodzi, palibe chomvera chinzake. Nsalu imafuna malo amodzi achete pamene diso lingakhale pansi. Ndikudziwa kuti khanda silidzaona zimenezo. Ine ndiziona.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ajambula phazi. Dokotala Tine wakweza chithunzicho pazenera n'kundionetsa pamene fupa la chala chachikulu layamba kudyeka. Ayesa mankhwala amphamvu masiku atatu. Akapanda kugwira, adula. Wanena akuyang'ana chithunzi, osati ine.

Nditabwerera pabedi ndinapeza mayi Bigué akumanganso duku. Si lija la nsomba, ndi lina lakale kwambiri, lonyika mu utoto wabuluu wakuda, lochapidwa kosawerengeka mpaka m'mapindo mwake mwayera. Mtundu umenewu sungaugule paliponse, umabwera ndi zaka. Mtima wanga unangoti phaa. Ndicho chidutswa chimene nsaluyo ikusowa.

Ndinatambasula dzanja. "Mayi Bigué, ndapempha kachidutswa ka dukulo."

"Ili? Lansanzali? Lipite ku Dakar?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anang'amba ndi mano chidutswa chachikulu ngati zikhatho ziwiri. "Mukalembe dzina langa pansi pake, azungu adziwe."

Za ana sindinawafunse. Tsiku lililonse kumabwera atsikana atatu, amawabweretsera mpunga wa nsomba, amawasisita miyendo, amawaitana kuti amayi. Ndinati nkhani ndi imeneyo. Komanso kufunsa kukanaulula bodza langa la chionetsero.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Kutentha thupi 39,2. Shuga 3,1. Sindinagwire singano.

Lolemba, 10 Febuluwale

Thupi lazizirako. Ndasoka kuyambira m'mawa mpaka swala ya masana, ndi kuyambiranso.

Chabuluucho sindinachiike pakati penipeni, ndachisendeza kumanzere ndi m'munsi pang'ono. Chofiira ndachidula chopyapyala kuti chidutse pambali pake ngati njira, chachikasu ndachikankhira pakona kumene sichingavute munthu. Zonse zija zimakuwa zatonthola. Pa nsalu zonse zimene ndasoka moyo wanga, sindikudziwa ngati pali ina imene yakhazikika chonchi, ndipo ndi yaying'ono, yokulunga munthu wa makilo atatu.

Ndinaitambasula kuti mayi Bigué aione. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Sindikuonabe bwato," anatero. "Koma musaichotse msanga. Ndiyang'anenso."

Ndagona masana wokondwa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndilemba zonse, chifukwa mlandu ndi wanga.

Adja Khoudia anabwera nthawi ya alendo ndi mbale ya nkhuku ya anyezi imene akudziwa bwino kuti sindiloledwa kudya. Atapereka moni wodi yonse, bedi ndi bedi, anakhala pansi n'kunena ndi mawu awo aja omveka kutsidya la mtsinje: "Asewere, nsalu ya mdzukulu wathu ili pati? Zakwana zisanu ndi ziwiri?"

Ndinawapatsa. Anawerenga ndi chala, ine ndikutchula mwini wa chidutswa chilichonse ndi ana ake. Atafika pa chabuluu ndinaloza bedi la pambali ndi chibwano.

Adja anatembenuka, anayang'anitsitsa, kenako nsalu ija anaiponya pamiyendo panga ngati yawaotcha.

"Bigué Sarr? Wa kowambira nsomba? Asewere, mwapenga? Mayi uyu anabereka asanu ndipo alibe ndi mmodzi yemwe! Guet Ndar yense akudziwa. Mukufuna kutiphera mwana wachinayi?"

 

Mayi Bigué anafunsa motsitsa, akuyang'ana ine: "Achemwali, si ya ku Dakar?"

Ndinapinda nsalu ija n'kuibwezera m'thumba. 

Adja pochoka anati chidutswacho chichoke lero lomwe, abweretsa cha mng'ono wawo wa ana asanu ndi anayi. Sindikuwada. Adzukulu atatu aja anawasambitsa ndi manja awo asanaikidwe. Atsikana aja, ndamva kwa Absa, ndi ana a anzawo a kowambira nsomba. Kumeneko aliyense amawaitana kuti amayi.

Madzulo dokotala wati mankhwala sanagwire. Mawa ku fiyeta. Ndisadye kanthu.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Zala ziwiri, chachikulu ndi chotsatira.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ululu. Jakisoni kawiri. Shuga 2,2. Ndasanza phala la mapira.

Kubedi la pambali kuli chete. Andifulatira.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndakhala tsonga lero. Dokotala akuti bala ndi loyera, ndidzayenda, ndipo makina ndidzapondera chidendene kapena phazi linalo. Wanena ngati n'kusintha nsapato.

Nditatsegula thumba losokera ndapeza nsalu ili ndi chiboo. Chabuluu palibe. Msoko wamasulidwa mfundo imodziimodzi, palibe ulusi wa nsalu zinazo umene waduka, ndipo tiulusi tomasulato anatikulunga pamodzi n'kutiika m'kabokosi ka mapini. Absa akuti ndi mayi Bigué, anachita Lachitatu ine ndili ku fiyeta. Anapempha kuti awasendezere thumbalo, ndipo zinawatengera m'mawa wonse chifukwa zala zawo n'zotupa.

Anthu atapita ku swala ya Lachisanu wodi inapepuka. Ndinati, "Mayi Bigué, ndinakunamizani. Ndikhululukireni."

 Anayamba kutchula ana awo, nkhope ili kukhoma.

"Ngagne ndi Codou, chikuku, sabata imodzi. Birame ndi Assane, bwato linagubuduzika pamathiriro a mtsinje, m'mawa dzuwa likuwala, anthu akuonerera pagombe. Assane sanapezeke. Wotsiriza, Pathé, anati amayi ine nyanja ino sindifera, ndikupita ku Sipeini. Anapita pa bwatonso."

Anapitiriza, nkhope ikadali kukhoma komweko.

"Mukanandiuza, achemwali, sindikanapereka. Ine ndimadziwa malo anga. Pa zikondwerero za makanda ndimatsuka mbale kuseri, khanda sindiligwira. Palibe anandiletsapo, ndimangoona mmene amayi ake amalifungatira ndikayandikira. Ndiye munthu atandipempha nsalu, ndinati ya pakhoma ilibe vuto, khoma silifa." Anapumira. "Ndinakondwa, mukudziwa? Zaka zonsezi palibe anandipemphapo kanthu kupatula nsomba."

Ndalira. Zala zanga sindinazilirire chonchi.

Loweruka, 15 Febuluwale

Shuga 1,9. Andiimiritsa ndi ndodo, masitepe asanu ndi limodzi kupita, asanu ndi limodzi kubwerera.

Adja atumiza chidutswa cha mng'ono wawo. Ndi chapinki, chonyezimira, chili ndi tinyenyezi tagolide. Ndachiika pa chiboo paja ndi mapini. Nsalu yonse yayambanso kukuwa, ndipo tsopano yapeza wotsogolera nyimbo.

Ndisadzinamize m'kope langa lomwe. Ndikufuna chabuluu chibwerere pa zifukwa ziwiri, ndipo chimodzi n'chonyada: diso langa likuchifuna. Chinacho ndi mayi amene wagona apayu, amene sakudya chichokereni Adja. Koma ndikachibwezera, khanda n'kupita ngati anzake aja, Yacine ndidzamuyang'ana ndi maso ati? Zoti nsanza ingaphe kapena kusunga mwana sindizikhulupirira. Koma kusakhulupirira n'kosavuta mwana akakhala wa wina. Khoswe wakhala pamkhate.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Mayi Bigué awaika mpweya m'mphuno. Atsikana aja abwera ndi mpunga, wabwerera momwemo. Mmodzi wa iwo, wamtali uja, wandiyang'ana moti ndikanakhala ndi zala zonse ndikanathawa.

Ndasankha. Ndisoka chapinki. Mwana wanga ndi amene adzalowe m'chipinda chochirira, osati ine, ndipo alowe ndi mtima wokhazikika. Ndatenga singano katatu lero, katatu ndaibwezera m'kabokosi. Mawa.

Lolemba, 17 Febuluwale

Shuga 1,7. Bala louma m'mbali. Akuti Lachisanu mwina ndituluka.

Yacine anabwera cha m'ma teni, kuchokera ku sikelo. Sindinamuone chichitireni opaleshoni, miyendo yamutupa ndipo mwamuna wake anamuletsa kukwera masitepe. Lero wakwera yekha, akupumira pa sitepe iliyonse. Madokotala akuti potengera zam'mbuyomu asadikire matenda kunyumba, agonekedwe mawa m'mawa. Wabwera kudzatenga nsalu.

Ndinamupatsa ili ndi mapini. "Ndipatse ola limodzi, ndimaliza."

Anaitambasula, anayang'ana chapinki chija, anayang'ana ine. Yacine si wa nsalu, ndi mphunzitsi wa masamu, batani likaduka amabwera nalo kwa ine. Za mitundu sananenepo kanthu. Anangoti, "Apongozi andiuza zonse. Ndi awa?"

Mayi Bigué atamva anakoka chofunda mpaka m'khosi n'kubisa manja mkati. "Mwanawe, khala uko. Usayandikire kuno ndi mimbayo."

Yacine anazula mapini aja limodzilimodzi, chapinki n'kuchipinda bwinobwino, n'kuchiika pa kabati. Kenako anazungulira bedi langa, anagwira chitsulo cha bedi la mayi Bigué, n'kuyamba kutsika. Ndinakuwa kuti ugwa iwe, Absa anathamanga, koma iye anali atagwada kale pasimenti, mimba ili patsogolo. Anatambasula dzanja.

"Amayi, ndapempha chidutswa cha duku lanu."

"Dzuka, mwana iwe! Sunamve? Ine ndinabereka asanu. Atatu ali m'dothi, awiri ali m'madzi."

"Ndamva. Anga ndi atatu."

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ine?"

"Chiyambireni nkhani ya nsaluyi ndakhala ndikuwerenga amayi oyenera," anatero Yacine, mawu ake osakwera. "Lachiwiri apongozi akukunenani kunyumba, ndinazindikira kuti nanenso sindili m'gulumo. Mnzanga atafuna chidutswa mawa, kwa ine sangabwere. Adzandilambalala ngati mmene amakulambalalirani." Anagwira mimba ndi dzanja linalo. "Mwana uyu wagona miyezi isanu ndi inayi mkati mwa mayi woika ana. Ngati nsalu yanu ili yoopsa, amayi, nanga ine ndimuike kuti? Ndimuyamwitse bere la ndani?"

 Absa anali ataima ndi thireyi ya mabandeji, osaiika pansi.

"Apongozi ako adzati chiyani?" ndinafunsa ine, wamantha wa m'wodi yonse.

"Adzakalipa. Adzanyamulabe mdzukulu wawo. Amayi, maondo akundipweteka, auzeni anzanuwa achite changu."

Mayi Bigué anatulutsa dzanja limodzi m'chofunda, analipisa pansi pa pilo. Chinali pomwepo, chopindidwa kanayi. Anachigwira nthawi yaitali, mpweya uja ukulira m'mphuno mwawo, Yacine dzanja lili chitambasulire. Kenako anachiika pachikhatho chake n'kupinda zala za mwana wanga pamwamba pake, chimodzichimodzi.

Tinasendeza mabedi awiriwo mpaka anagundana. Yacine anagwira mbali imodzi ya nsalu, mayi Bigué mbali inayo, kuti ikungike. Mantha ndili nawo mpaka pano pamene ndikulemba, ndipo sindikudziwa ngati tachita bwino. Ndinatenga singano, ndinanyowetsa ulusi ndi malovu, ndinaphonya. Ndinayesanso, ndinaphonyanso. Kanayi konse, ine, Oulimata wa zaka makumi atatu ndi zinayi pa nsalu. Boo la singano limangosambira m'maso mwanga.

"Patseni kuno, achemwali," anatero mayi Bigué. "Ine misozi inatha kalekale."

Analowetsa kamodzi kokha.